Keke Yogona ndi Nsomba

Chinthu choyamba chimene ndimauza aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine aisingi, zotsekemera zopaka pa keke zija, n'chakuti mafuta amaba fungo. Ukasiya majarini pafupi ndi anyezi wodula, mawa lake keke yako imveka anyezi. Ukatakasa ndi mthiko umene unalowapo mu ndiwo, alendo adziwa chimene munadyera nshima dzulo. N'chifukwa chake m'khitchini mwanga muli mthiko umodzi womangidwa kansalu kofiira kuchogwirira, ndipo mwamuna wanga amadziwa kuti tsiku limene adzaugwire adzagona ndi njala.

Aisingi yangayo ilibe matsenga. Ndimatenga majarini ofewa, osati osungunuka, n'kuwatakasa mpaka atayererako, mkono utayamba kudandaula. Kenako ndimaseferamo shuga wa aisingi pang'onopang'ono, supuni ya mkaka, kamchere kotsina ndi zala, ndi timadontho ta vanila. Ikakhala ya makapukeke a ana ndimafinyiramo madzi a bitiruti kuti ifiireko. Pa mamafini ndimangosakaniza shuga ndi madzi a mandimu n'kuthira pamwamba. Maluwa a pa keke ndimafinya ndi kathumba ka pulasitiki kodula pakona. Basi. Anthu a mu Kafue muno adya makeke anga pa maubatizo, pa masiku obadwa ndi pa maukwati kwa zaka zambiri, ndipo palibe amene anabwezapo.

Makekewo ndinayamba kuphika pothawa nsomba. Bambo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ku mafakitale kuno. Atamwalira, amayi anatsala ndi ana anayi ndi njinga imodzi. Anayamba kupalasa njingayo kupita ku Chanyanya, kukagula nsomba kwa asodzi mabwato akamakocheza, n'kubwera nazo kudzagulitsa pamsika. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, choncho nsomba zinkagona nafe. Yunifomu yanga ndinkaipachika pa msomali pamwamba pa dengu. Kusukulu atsikana ankasuntha ndikakhala pa benchi. Mphunzitsi wina, mayi wamkulu ndithu wa ana akeake, ankati akalowa m'kalasi n'kukwinya mphuno, n'kufunsa kuti, “Nindani wabwela na Chanyanya mu kilasi?” Kalasi yonse kufa nacho chiseko. Mayi ameneyo anamwalira kalekale, koma ndikamukumbukira makutu anga amatenthabe. Ndinalumbira ndili wamng'ono choncho kuti ndikadzabala mwana, sadzanunkha china chilichonse koma sopo.

Mwana ndinabala mmodzi yekha, wamkazi. Anakula osagwirapo mamba a nsomba, anaphunzira, n'kupeza mnyamata wa ku Lusaka wopemphera ku mipingo ya masiku ano yoimba ndi magitala. Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa. Vuto linali azakhali ake, amene anadzipatsa okha udindo woyendetsa zonse za kuchimuna. Anabwera kunyumba kwathu pa msonkhano wokonzekera kicheni pate, phwando lija la azimayi okhaokha lopatsa mkwatibwi ziwiya ndi malangizo. Anakhala pa mpando wa mwamuna wanga, maso akuyendayenda m'makoma ngati akufuna kugula nyumba. Titafika pa nkhani ya keke sanadikire n'komwe kuti ndiyankhule.

“Keke tizaoda ku Lusaka, ya fondanti, ija ya masitepu,” anatero. “Imwe kuno ku Kafue muziba nsomba. Va makeke tisiyileni ise.”

Anaseka, anzawo amene anabwera nawo n'kusekanso. Amayi anga anali pamphasa pakona, ndipo nawonso anaseka, chifukwa kwa iwo kudziwa nsomba si chipongwe, ndi zoona chabe. Fondanti yakeyo ndi ija yolimba imene anthu amasenda n'kuisiya m'mbale, ndiye munthu adzandinyoze nayo m'nyumba mwanga?

“Ba anti,” ndinatero, “keke ya mwana wanga nizapanga neka.”

“Ya majalini? Na kupya kwa mu Okutobala? Izasungunuka tikalibe na kupempela.”

“Siizasungunuka.”

Kuyambira tsiku limenelo keke ija inasanduka mlandu. Ndinkafuna mayi ameneyo ameze mawu ake pamaso pa anthu. Koposa apo, ndinkafuna mwana wanga alowe m'banja limenelo mutu uli m'mwamba, asadzatchedwe ndi azilamu ake kuti ka ku nsomba, ngati mmene ankanditchulira ine.

Phwando linali Loweruka. Lachinayi ndinaphika masitepu atatu magetsi alipo. Lachisanu m'mawa ndinapaka aisingi yoyera, yosalala bwino, n'kufinya maluwa apinki kuzungulira sitepu iliyonse. Firiji yanga ndinali nditaikhuthula yonse, kuitsuka ndi soda, kuchotsa mashelefu. Ndinalowetsamo keke, kutseka, n'kuuza mwamuna wanga kuti ngakhale madzi akumwa akafune kwa aneba. Kenako ine ndi mwana wanga tinakwera minibasi kupita ku Lusaka kukatenga diresi kwa telala.

Telala uja tinamupeza asanasoke ndi manja omwe. Anatilonjeza ola limodzi, ola lija n'kubala anzake mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tinachita kugona kwa mng'ono wanga komweko. Madzulo ndinamva kwa mnzanga kuti ku Kafue magetsi anazima chakumasana. Nthawi yomweyo ndinaimbira mwamuna wanga.

“Osada nkawa,” anatero. “Keke ili pozizila.”

Ndinaganiza kuti magetsi ayaka. Sindinafunse kuti pozizira pake ndi pati. Funso limodzi lokha, ndipo sindinalifunse.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Amayi anadutsira kunyumba kwathu masana kudzandionetsa mmene anasoketsera chitenge cha phwando. Anapeza firiji ikuchucha madzi pansi, n'kutsegula, n'kuona aisingi yayamba thukuta. Tsono amayi ali ndi firiji yaikulu yotsegula pamwamba, yoyendera sola, imene amasungiramo nsomba zawo ndipo amainyadira kuposa ife ana awo. Moyo wawo wonse akhala ndi lamulo limodzi: chimene chingaonongeke, thamanga nacho pozizira. Analamula mkamwini wawo kuti aitane takisi. Mwamuna wanga, amene amatsutsana nane ngakhale pa nkhani ya kumene kwachokera mphepo, kwa apongozi ake anangoti inde. Ananyamula masitepu atatu aja mosamala ngati mwana wakhanda. Amayi anakankhira nsomba mbali imodzi, kupukuta mbali inayo ndi nsalu yoyera, kuyala katoni, kukhazika keke, n'kutseka chivindikiro. Inagona mmenemo mpaka kucha.

Loweruka tinafika ndi minibasi yoyamba. Ndinaponya chikwama pampando n'kuthamangira ku firiji. Mbee, mulibe kanthu. Mwamuna wanga anatulukira akumwetulira ngati munthu woyembekeza mendulo.

“Ili kuli amai. Sembe si ise, sembe yasila.”

Ati pakanapanda iwo, keke ikanaonongeka. Ndikanamuyankha, bwenzi phwando lija litasanduka maliro. Ndinathamanga ndi masilipasi mpaka kwa amayi, anthu m'njira akundipatsa moni wa mwini phwando, ine osawaona n'komwe.

Nditatukula chivindikiro, keke ija inali yokongola kuposa mmene ndinaisiyira. Palibe duwa limene linagwa. Kenako fungo linandimenya kumaso. Ndinatapa aisingi ndi chala kuseri kwa sitepu yapansi n'kulawa. Poyamba shuga, kenako vanila, ndipo pambuyo pake, pang'onopang'ono, nsomba. Inali yeniyeni ija ya pa yunifomu yanga.

Amayi anaima pambali panga, manja m'chiuno, akusangalala.

“Waona? Sininaononge olo luwa imozi.”

“Amai, mwagoneka keke pamozi na nsomba?”

“Awe, nazipatula. Nsomba zili uku, keke ili uku. Napukuta bwino bwino.”

“Inunka!”

Anatapa nawonso n'kulawa, n'kutafuna mofatsa ngati woweruza. “Ine sinimvela kantu. Ili chabe bwino.”

Sankanama. Mphuno yawo inasiya kalekale kumva nsomba, monga mmene anthu okhala pafupi ndi njanji samvera sitima. Kwa iwo firiji imene ija inali malo aukhondo kuposa onse mu Kafue. Lero ndikutha kulemba zimenezi modekha. Tsiku limenelo ndinkangoona azakhali aja akununkhiza foloko, akutembenukira kwa anzawo, ndi mwana wanga atakhala kutsogolo akumva zonse.

Tinabwerera nayo kunyumba pa takisi, amayi akutsatira osaitanidwa. Phwando linali loti liyambe fotini awazi, 2 koloko masana, ndipo dzuwa linali litayamba kale kulasa. Ndinatenga mpeni n'kupala aisingi yonse, maluwa onse amene ndinafinya limodzilimodzi, kutayira m'chidebe. Ndinasenganso kachikopa ka keke yeniyeniyo mbali zonse, n'kununkhiza mkati. Mkati munapulumuka. Mafuta aja anali atameza fungo lonse n'kulisunga okha.

Tsono shuga wa aisingi ndinali ndi paketi imodzi. Ndinatuma mwamuna wanga kumashopu, ndipo patapita nthawi yoti munthu n'kufika ku Shimabala ndi kubwerako, anatulukira ndi paketi imodzi yokha, ati ena onse anatha ndi maukwati. Mapaketi awiri sakwanira masitepu atatu. Panatsala njira yakale imene ndinayambira ndisanadziwe za m'mashopu: kusinja shuga wamba mu kamtondo kanga ka makeke, kuthirako ufa wa kasitadi pang'ono, n'kusefa pa kansalu kopyapyala mpaka atasalala. Ntchito imeneyi imafuna nthawi ndi mikono, ndipo zonse ziwiri ndinalibe. Magetsi anali asanayake. Majarini anali akufewa m'mbale ndikuwaona.

Amayi anali ataima pakhomo pa khitchini nthawi yonseyi, akufunafuna pothandiza.

“Nikatenge aisi ku filiji yanga, uikepo mbale?”

“Aisi ya mu nsomba? Amai, mufuna kunipaya?”

Kenako anaona kamtondo kaja ndi shuga, nkhope yawo n'kuwala, chifukwa kusinja ndiye amakudziwa, ndipo mikono yawo mpaka lero ndi yolimba kuposa yanga. Analowa, kukwinya chitenge, n'kugwira munsi.

Mawu amene ndinayankhula ndiwalemba onse, chifukwa ndatopa n'kuwachepetsa ndikamafotokozera anthu.

“Siyani! Osagwila! Manja yanu yanunka nsomba. Chilichonse chamene mumagwila chimanunka. Ine nanunka kuchokela giledi wanu chifukwa cha imwe, manje mufuna na mwana wanga akanunke ku Lusaka?”

Ndinakuwa moti aneba anamva. Mwana wanga anali ataima m'khonde la mkati, tsitsi lili m'marola, ndipo anamva zonse. Amayi sanakalipe. Munthu amene amatha kuzazira msodzi mpaka kumutsitsa mtengo, amene anathamangitsapo wakuba pamsika ndi sikelo m'manja, anaika munsi pansi pang'onopang'ono. Anakweza dzanja lawo n'kununkhiza kuseri kwake, kenako chikhatho.

“Oho,” anatero. N'kutuluka.

Ndinganame kuti ndinafuna kuwatsatira, koma sindinafune. Ndinamva kupepukidwa kuti m'khitchini mwatsala malo. Ndinasinja shuga uja ndekha, ndi ukali wonse umene ndinali nawo pa amayi, pa mwamuna wanga, pa telala, pa magetsi, pa mphunzitsi wakufa uja. Ndinakhazika mbale ya majarini m'beseni la madzi a mumtsuko n'kutakasa ndi mthiko wanga wa kansalu kofiira mpaka phewa kuchita dzanzi. Ndinaperesamo khungu la mandimu a pa mtengo wa kuseri kwa nyumba, poopa kuti mwina kafungo katsalira penapake. Nthawi ya maluwa panalibe. Ndinangopaka n'kuzunguliza ndi kuseri kwa supuni, n'kufinya timikanda tapinki m'mphepete. Chondinyansa n'chakuti aisingi imeneyo inatuluka yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinapangapo. Ukali umatakasa bwino.

Ku holo kunadzaza azimayi, mbali yathu m'zitenge zofanana, a ku Lusaka m'zitenge zawo. Ng'oma zinalira, mwana wanga analowa atafundidwa chitenge, alangizi ake akumutsogolera mpaka pa mpando wake. Mwambo wake ndi wakuti mkwatibwi akavundukulidwa amakhala chozolika, maso pansi, osaseka, osayang'ana munthu, ngakhale anthu avine zoseketsa bwanji. Keke inali pa tebulo pambali pake, itaima chilili, osachita thukuta. Ine maso anga anali pa keke ndi pa azakhali aja basi. Mpando wachiwiri kutsogolo, umene tinasungira amayi, sindinauyang'ane n'komwe.

Anayamba kuitana achibale mmodzimmodzi kuti avine ndi kupereka mphatso. Ine ndinavina, mng'ono wanga anavina. Kenako mayi woyendetsa mwambo anakweza mawu.

“Manje tifuna ambuya ba mwana! Ambuya, bwelani mutionese mwamene munavinila kudala!”

Ng'oma zinakolera, azimayi a kumsika kuyamba nthungululu, chifukwa amayi akalowa m'bwalo anthu amaimirira pa mipando. Palibe anadzuka. Oimba ng'oma anapitiriza, akuyang'ana kukhomo. Woyendetsa mwambo anaitananso kachiwiri, n'kuseka kuti mwina ambuya akudzola. Ng'oma zija zinalira mpaka zinayamba kuchita manyazi zokha, n'kuzilala. Pamenepo mwana wanga, amene alangizi anamuphunzitsa milungu yathunthu kuti asadzutse mutu, anadzutsa mutu pamaso pa apongozi ake onse n'kundiyang'ana ine. Sanalire. Anangondiyang'ana mpaka mlangizi anamugwira paphewa.

Keke inadulidwa. Ndinaona azakhali aja akulandira mbale yawo, akuitembenuza, akulawa kachidutswa kakang'ono ngati mankhwala. Kenako anadya yonse n'kuitanitsa ina. Anandikodola ndi dzanja, ine n'kupita, n'kugwada pambali pawo monga mwa ulemu wa kwa asewere.

“Mwandi, nakupasani ulemu,” anatero mokweza kuti anzawo amve. “Iyi keke muntu sangakambe ati ni ya ku Kafue.”

Ndiye mphoto yanga inali imeneyo. Ndinatukwana mayi wondibala kuti ndimve mlendo akundiuza kuti sindikufanana ndi kwathu. Ndinafuna kuwalanda mbale ija n'kuwauza kumene keke imeneyo inagona, ndi dzina la nsomba iliyonse imene inagona nayo. M'malo mwake ndinaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti zikomo. Zikomo ameneyo amandiwawa mpaka lero kuposa chipongwe chawo.

Phwando litatha, dzuwa lisanalowe, ndinakulunga chidutswa chachikulu n'kupita kwa amayi ndisanavule n'komwe nsapato. M'njira ndinkakonza mawu, ndipo ena mwa mawuwo anali owakalipira kuti andichititsa manyazi posabwera.

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mpando. Anali atavala chitenge cha phwando chija, duku lake, nsapato zatsopano, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira galimoto. Pambali pawo panali beseni la madzi a sopo, ndi makoko a mandimu ofinyidwa ali mbwee pansi. Manja awo anali ofiira, khungu litachita kusupuka pa mfundo za zala.

“Nasamba katatu,” anatero ndisanatsegule pakamwa. “Napaka na mandimu. Manje siniziba ngati yachoka, mpuno yanga siimvela. Palibe wofunsa. Naona kuti nikale chabe, ningamuonongele mwana.”

Ndinagwada pa simenti paja n'kupepesa, n'kulira, n'kunena kuti unali ukali chabe. Anandisisita pamutu ndi nsonga za zala, mwachangu, n'kuchotsa dzanja. Anandifunsa ngati anthu anadya bwino, ngati a ku Lusaka anakondwa, ngati mwana anakhala mwaulemu. Keke ija anadya yonse n'kunena kuti ndi yokoma. Za mawu anga sanatchulepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Mwana wanga ali pabanja pake, ndipo azakhali aja amaitanitsa makeke kwa ine tsiku lililonse lobadwa la adzukulu awo. Ndimawaphikira, ndipo potakasa ndimawatukwana mumtima. Mwana wanga akabwera ku Kafue amayamba wafika kwa ambuya ake, n'kudya nsomba ndi manja, kenako ndiye amabwera kwa ine.

Amayi amabwerabe kunyumba kwathu Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Amakhala pakhonde. M'khitchini mwanga sanapondemonso kuyambira tsiku lija. Akafuna madzi amapempha kuti ndiwabweretsere, firiji yanga saitsegula. Ndawachonderera, ndawanyengerera, ndafika powakalipira kuti alowe, ndipo ndikakalipa ndimadzimva kuti ndi mawu omwe aja, a ine yemwe uja wa m'khitchini tsiku lija. Amangoseka n'kunena kuti, “Uli na maoda, mwana wanga. Nili chabe bwino pano.”

Lamulungu lapitali ndinatuluka ndi mbale ya majarini ndi shuga mpaka pakhonde pomwepo. Ndinamasula kansalu kofiira pa mthiko uja n'kukataya, ndipo ndinawauza kuti phewa likundipweteka, anditakasireko. Anayang'ana mthiko, n'kuyang'ana mbale. Kenako anabisa manja onse awiri kumbuyo.